Shuga Akachoka M'botolo, Chimatsala N'chiyani?

Ku Mwanza ludzu ndi malonda. Aliyense amene anadutsapo pamsewu wochokera ku Blantyre kupita kuchipata cholowera ku Mozambique amadziwa mmene mathiraki amandandira podikira mapepala, mmene mabasi a ku Harare ndi ku Joni amatsitsira anthu otopa, ndi mmene dzuwa la Okutobala limawotchera paliwombo. Pamene pali ludzu sipasowa ogulitsa. Anyamata ndi amayi amazungulira ndi zidebe za madzi oundana, m'katimo muli Fanta, Coca-Cola, Frozy wochokera kutsidya kwa malire, ndi mafirizi a ana asukulu. Zaka zapitazi, m'mafuriji a m'magolosale ndi pamalo omwetsera mafuta munalowa botolo lina lolembedwa kuti Zero kapena No Sugar. Limatsekemera ngati anzake, limathetheka pakhosi ngati anzake, koma akuti mulibe shuga.

Botolo limeneli lagawa anthu pawiri, ngakhale mumpingo mwathu momwe. Ena amalitenga ngati mankhwala ochepetsa thupi, moti akalimwa amamva ngati achita chinthu chothandiza moyo wawo. Ena amaliopa ngati chiphe, ndipo pa WhatsApp pamayenda mauthenga oti limayambitsa khansa, limaola ubongo, limatseka mimba ya kubereka. Ine ndikuona kuti mbali ziwiri zonsezi zalipatsa botololi mphamvu zimene lilibe. Lili ndi ntchito imodzi yaing'ono imene limagwira bwino, ndiyo kuchotsa shuga wa m'botolo. Kupyola pamenepo silingathe kanthu. Ndipo munthu wosadziwa malire amenewa akhoza kutaya ndalama, nthawi, mwinanso moyo, akuganiza kuti akudzisamalira.

Nkhaniyi ndinayamba kuilingalira mozama chifukwa cha azakhali anga, alongo awo a bambo. Iwo amagulitsa kaunjika pamsika wa paboma, ndipo kutchalitchi kwathu ndi mmodzi wa amayi a Dorika amene amayambirira kufika pakagwa zovuta kapena wina akagonekedwa kuchipatala. Ali ndi thupi, ndipo kwa zaka zambiri thupilo linali ulemu wawo. Paja kwathu munthu akanenepa timati zikumuyendera, akaonda timayamba kunong'onezana kuti kaya akudwala chiyani. Chaka chatha mutu unayamba kuwavuta, ndipo tsiku lina anachita chizungulire ali pabenchi pawo. Kuchipatala anawapeza ndi BP yokwera, n'kuwauzanso kuti shuga wa m'magazi mwawo wafika pamalire: sanadwale, koma akuyandikira. Malangizo anali atatu, kuti achepetse mchere, achepetse thupi, ndipo asiye zakumwa za shuga. Nthawi imeneyo n'kuti akumwa mabotolo awiri kapena atatu patsiku, chifukwa pamsika pamatentha, ndipo botolo lozizira limakhala pafupi kuposa mjigo.

Azakhali ndi munthu womvera. Anasiya Fanta tsiku lomwelo n'kuyamba kumwa Zero. Patapita miyezi isanu, ine nditapita kwathu patchuthi, anandiitana kukhonde. "Iwe wa ku koleji, tabwera kuno," anatero. "Ndasiya zonse zimene anandiletsa, ndikumwa izi zawo zopanda shugazi, koma sikelo ya kuchipatala ikungoloza pomwe paja. Mayi wina kutchalitchi akuti ndikumwa khansa. Ndiye ndimvere ziti?" Ndinawayankha kuti, "Azakhali, ndipatseni masiku ndifufuze kaye, ndisakuuzeni za m'mutu mwanga." Zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu, chifukwa funso la azakhali ndi funso la anthu ambiri amene timakhala nawo pabenchi limodzi Sabata lililonse.

Tiyambe ndi chakumwa cha shuga, chifukwa popanda kudziwa kulemera kwa vutolo sitingayeze chithandizo chake. Coca-Cola wamba amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10.6 pa mamililita 100 alionse. Botolo la mamililita 300 ndiye kuti lili ndi magalamu pafupifupi 32, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono 8. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni 12, ndipo bungweli linati kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Azakhali, ndi mabotolo awo atatu aja, ankamwa masupuni 24 patsiku asanawerengere tiyi wam'mawa. Choipa china cha shuga wakumwa n'chakuti sakhutitsa. Munthu akadya mbatata amamva kuti m'mimba mwalowa kanthu, koma akamwa botolo amapita kukadya nsima yake yonse ngati sanalawe chilichonse.

M'botolo la Zero shuga uja anamuchotsa n'kuikamo zotsekemeretsa zopangidwa m'mafakitale. Mukawerenga tizilembo tating'ono ta kumbuyo mupeza mayina monga aspartame, acesulfame K ndi sucralose. Aspartame anatulukiridwa mu 1965 ndi wasayansi wa ku America dzina lake James Schlatter, ndipo amatsekemera kuwirikiza pafupifupi ka 200 kuposa shuga. Sucralose amafika pa 600. Chifukwa cha mphamvu imeneyi, kakang'ono kwambiri kamakwana kutsekemeretsa botolo lonse, ndipo thupi silipezamo mphamvu zoti n'kusandutsa mafuta. Lilime limamva kutsekemera, koma m'magazi simulowa shuga. Zakumwa zotere zinayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo poyambirira ankapangira makamaka anthu odwala matenda a shuga. Kenako amalonda anaona kuti anthu oopa kunenepa ndi ochuluka kuposa odwala, ndipo Diet Coke inatuluka mu 1982, Coke Zero mu 2005.

Kodi zimathandiza pa kulemera kwa thupi? Kafukufuku wina wodziwika anachitika ku Netherlands ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012. Anatenga ana asukulu 641 n'kuwagawa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linkalandira chitini cha chakumwa cha shuga tsiku lililonse, lina chitini chofanana nacho koma chopanda shuga, ndipo anawo sankadziwa chimene akumwa. Patatha miyezi 18 onse anali atalemera, poti ndi ana okula, koma omwa za shuga anawonjezera makilogalamu 7.37 pamene omwa zopanda shuga anawonjezera 6.35. Kusiyana kwake ndi kilogalamu imodzi pa chaka ndi theka. Si pachabe, komanso si chozizwitsa. Ndipo taonani chimene ankayerekeza: chakumwa chopanda shuga anachiika pambali pa chakumwa cha shuga. Chinapambana chifukwa mnzakeyo ndi woipa kwambiri, osati chifukwa icho chili ndi mphamvu yosungunula mafuta. Alipo akafukufuku ena amene anayerekeza zakumwazi ndi madzi pakati pa anthu ofuna kuchepetsa thupi, n'kupeza kuti omwa zopanda shuga anatsika pang'ono kuposa omwa madzi. Koma ndalama za ena mwa akafukufuku amenewo zinachokera ku bungwe la makampani opanga zakumwa ku America, ndiye powawerenga pamafunika maso awiri.

Palinso mtundu wina wa kafukufuku, umene sagawa anthu m'magulu koma amangowatsatira kwa zaka zambiri n'kumalemba zimene amadya ndi matenda amene akuwagwera. Ku San Antonio m'dziko la America anapeza kuti anthu okonda zakumwa zopanda shuga ndi amene ankanenepa kwambiri popita kwa zaka. Ku France, kafukufuku wa anthu oposa 100,000 amene anasindikizidwa mu 2022 anasonyeza kuti odya zotsekemeretsazi mochuluka ankadwala matenda a mtima ndi sitiroko mochulukirapo kuposa osadya. Apa m'pamene mauthenga a pa WhatsApp amadumphira. Koma tiganize kaye: ndani amene amagula Zero? Nthawi zambiri ndi munthu ngati azakhali anga, wonenepa kale, amene kuchipatala amuchenjeza kale. Munthu wotere akadzadwala mtima, kulekanitsa chimene chabwera ndi botolo ndi chimene anali nacho asanaligule n'kovuta. Kuona anthu ambiri odwala ali pamzere wa kuchipatala sikutanthauza kuti mzerewo ndi umene ukuwadwalitsa. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu zoterezi powerengera, koma sizichoka zonse.

Bungwe la WHO linasonkhanitsa umboni wa mitundu iwiri yonseyi, ndipo mu Meyi 2023 linatulutsa malangizo akuti anthu asagwiritse ntchito zotsekemeretsa zopanda shuga ngati njira yochepetsera thupi kapena yopewera matenda osapatsirana. Chifukwa chake chinali chakuti phindu limene limaoneka ndi laling'ono, losafika kilogalamu imodzi, ndipo limaoneka m'kafukufuku wa miyezi yochepa, pamene kafukufuku wa zaka zambiri akupereka chenjezo. Bungweli linanena poyera kuti umboniwo siwolimba kwambiri, ndiponso kuti malangizowa sakukhudza anthu amene akudwala kale matenda a shuga. Mfundo imeneyi ndi yofunika. Ngati muli ndi kholo lodwala shuga limene achipatala analilola kumwa chakumwa chotere paukwati, musalilande botolo n'kulipatsa Fanta poganiza kuti shuga weniweni ndi wachilengedwe. Kwa munthu ameneyo Fanta ndi amene ali woopsa lero lomwe.

Nanga za khansa zija? Mu Julayi 2023 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, inaika aspartame m'gulu la 2B, gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Magulu amenewa amayeza kulimba kwa umboni, sayeza kukula kwa ngozi. Fodya ndi mowa zili m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika. Pa nthawi yomweyo komiti ina ya akatswiri a WHO ndi FAO inaunikanso umboni ndipo inasiya mlingo wovomerezeka pomwe unali, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Anawerengera kuti munthu wolemera makilogalamu 70 angapyole mlingowu ngati akumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Choncho mayi amene anauza azakhali kuti akumwa khansa anawonjezera nkhani. Anthu amene ayenera kupeweratu aspartame ndi obadwa ndi matenda osowa otchedwa phenylketonuria, ndipo n'chifukwa chake pamabotolo pamalembedwa chenjezo la phenylalanine.

Komabe shuga akachoka, zina zimatsala. Asidi amatsala. Zakumwa za cola zili ndi phosphoric acid, zina zili ndi citric acid, ndipo asidi ameneyu amadya pang'onopang'ono kunja kolimba kwa dzino, kaya m'botolomo muli shuga kaya mulibe. Caffeine imatsalanso m'zakumwa zambiri za cola. Ife amene timakana khofi ndi tiyi wamasamba chifukwa cha caffeine tiyenera kudziwa kuti mawu oti Zero akunena za shuga yekha. Ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anasonyezanso mu 2022, pa anthu 120, kuti saccharin ndi sucralose zinasintha mabakiteriya a m'matumbo ndiponso mmene matupi a anthu ena ankalamulira shuga wa m'magazi. Kafukufukuyo anali wa masabata ochepa, ndipo ntchito yofufuza ikupitirira. Koma chachikulu chimene chimatsala, m'kuona kwanga, ndi chizolowezi. Lilime limene limalandira kutsekemera katatu patsiku limaiwala kukoma kwa madzi. Limayamba kuona papaya ngati wosakoma, phala lopanda shuga ngati chilango.

Nditawerenga zonsezi ndinakhala tsiku lathunthu ndi azakhali pamsika, ndikuwathandiza kupinda zovala ndi kuona mmene tsiku lawo limayendera. M'mawa anamwa tiyi wa udzu wa mandimu, poti ndi Mwadiventi weniweni wosakhudza masamba, koma m'kapu munalowa masupuni anayi a shuga, ndi mandasi awiri pambali. Cha m'ma teni anagula zitumbuwa. Masana anatuma mwana kuchiwaya kukagula chipisi, n'kutsitsira ndi botolo la Zero. Madzulo kunyumba kunali nsima mitanda inayi, nyemba zothira mafuta ambiri, ndi kamasamba kongolawa. Kuchoka kunyumba kupita kumsika anakwera njinga yamoto, pobwerera chimodzimodzi. Nditawafunsa za mandasi, anaseka. "Kale ndinkadya limodzi," anatero. "Koma poti ndinasiya Fanta, ndinati kamalo kapezeka." Yankho la sikelo linali pomwepo. Botolo linachotsadi masupuni ake, koma iwo anabweza ena kudzera pakhomo lina, ndi mtima woyera, poganiza kuti ngongole anailipira kale.

Usiku umenewo ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinati, "Azakhali, botololi silinakunamizeni, ndipo silikukuphani. Lili ngati ndodo ya munthu wothyoka mwendo. Imamuthandiza kuchoka pamene wagwa, koma siyendera munthu ulendo wake, ndipo mwendo ukapola amaisiya." Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa funso limene linandikhudza kuposa lija la poyamba. "Nanga ndikaonda, anthu kumsika adzati chiyani?" Pamenepo ndinazindikira kuti kulimbana kwawo sikunali ndi ludzu lokha. Ankaopa maso a anthu. M'dziko limene linaika m'manda anthu ambiri owonda m'zaka za Edzi, kutsika thupi kumabwera ndi manong'onong'o. Palibe botolo limene lingachotse mantha amenewo. Angachotsedwe ndi ife amene timawazungulira, tikasiya kulonjera munthu ndi mawu oti "mwaonda bwanji, mukudwala?"

Vuto la azakhali silawo okha. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola mlingo, pamene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Njala ndi kunenepa zikukhala m'mudzi umodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi. Kafukufuku wina wa ku Lilongwe ndi ku Karonga, amene anasindikizidwa mu 2018, anapeza kuti mumzinda amayi onenepa kupyola mlingo anafika 44 mwa 100. Wa STEPS wa 2009 anasonyeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Anzathu a ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kudzera pachipata cha Mwanza chomwechi, anaika msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo, ena posakaniza ndi zotsekemeretsa zija. Ndiye ngakhale botolo losalembedwa Zero likhoza kukhala nazo. Kuwerenga kumbuyo kwa botolo si ntchito ya anamwino okha.

Tsopano ndilankhule ndi ife eni ake, abale ndi alongo. Mpingo wathu uli ndi uthenga wa zaumoyo kuyambira mu 1863, ndipo Ellen G. White, amene analemba buku la The Ministry of Healing mu 1905, anachenjeza za kudya shuga wambiri kale kwambiri, WHO isanabadwe n'komwe. Ofufuza a ku Loma Linda University akhala akutsatira Aadiventi pafupifupi 96,000 a ku America ndi Canada kuyambira mu 2002, ndipo apeza kuti odya kwambiri zomera amakhala ndi thupi lopepukirapo ndiponso sadwala kwambiri matenda a shuga. Timanyadira zimenezi, ndipo n'zoyenera. Koma tayang'anani chakudya chathu cha masana a Sabata, maukwati athu, ndi misonkhano ya misasa. Mowa kulibe, fodya kulibe, nkhumba kulibe, koma makireti a zoziziritsa kukhosi amaunjikana mpaka m'chiuno. Mlendo akabwera, makamaka abusa, kumupatsa madzi timaona ngati kumunyoza, ndiye timathamangitsa mwana kugolosale. Thobwa lathu, limene agogo ankalitsekemeretsa ndi chimera chokha, lero timalithira shuga wa paketi. Tinatseka zitseko zazikulu zonse, koma zenera la shuga tinalisiya pululu.

Ena amati shuga wa ku Malawi ndi wopatsa thanzi poti anamuthira vitamini A. N'zoona kuti shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiridwa vitamini ameneyu, ndipo cholinga chake chinali kufikira ana amene ankamusowa. Koma vitamini A yemweyo alimo mu mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati, bonongwe ndi chisoso. Ife a ku Mwanza tilibe chowiringula, chifukwa nyengo yozizira ikafika manachesi amadzaza m'mbali mwa msewu, ndipo ena amaolera pansi posowa ogula. Nachesi lodya lathunthu limabwera ndi ulusi wake umene umachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndiponso umakhutitsa. Mukafinya asanu m'kapu n'kutaya zotsalira, mwapanga chakumwa cha shuga china, ndipo WHO imawerengera madzi a zipatso ndi uchi m'gulu la shuga wofunika kuchepetsa. Chimodzimodzi malambe, bwemba ndi chidede: ndi zabwino, koma zikamira m'masupuni sikisi a shuga zataya ulemu wake.

Chakumwa chimene chilibe mlandu ndi madzi, ndipo ana a Sukulu ya Sabata amadziwa kuti Danieli ndi anzake ku Babulo anapempha zomera ndi madzi kwa masiku khumi. Koma tisalankhule ngati madzi abwino amapezeka paliponse. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ambiri paulendo amagula botolo lotseka chifukwa choopa madzi a m'chidebe cha munthu wosamudziwa. Mantha amenewa ndi anzeru. Yankho lake ndi kuwiritsa madzi kapena kuthira kulorini kunyumba n'kunyamula m'botolo lako. Ndi ntchito yaing'ono ya usiku, ndipo pakutha pa mwezi ndalama imene ikanapita kufuriji ya golosale imagula sopo ndi ndiwo.

Pano pakoleji nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Azakhali ankaopa kuonda, koma m'mahositelo mwathu muli ena, makamaka alongo, amene akuopa kunenepa mpaka kudumpha chakudya cha kukafeteriya n'kumadzaza m'mimba ndi chakumwa chopanda shuga kuti gasi awanamize kuti akhuta. Chakumwa chimenechi chilibe shuga, komanso chilibe chilichonse chomanga thupi. Mulibe ayironi, mulibe zomanga minofu, mulibe vitamini. Wophunzira amene wachisandutsa nkhomaliro amalowa m'kalasi mutu uli waa, amagona mochedwa chifukwa cha caffeine, ndipo usiku njala ikamupeza amathera pa mabisiketi. Ngati muli ndi mnzanu wa m'chipinda amene akuchita zimenezi, musamuseke ndipo musamulalikire. Pitani naye kukadya, ndipo ngati zikupitirira, mulimbikitseni akaonane ndi achipatala.

Azakhali sanasinthe zonse tsiku limodzi. Masupuni a m'tiyi anatsika kuchoka pa anayi kufika pa awiri, kenako imodzi. M'malo mwa mandasi amanyamula mbatata yophika kapena nthochi. Kumsika amapita wapansi m'mawa kukadali kozizira, ndipo pansi pa benchi pamakhala botolo la malita awiri la madzi owiritsa, nthawi zina lofinyiramo ndimu. Nsima anachotsako mtanda umodzi, masamba n'kuchulukitsa. Zero sanamutaye: amamwa paukwati kapena tsiku limene dzuwa lanyanya, ndipo m'malo oterowo ndi wabwino kwa iwo kuposa Fanta. Mankhwala a BP akupitiriza kumwa monga anawauzira kuchipatala, ndipo tsiku la sikelo saliphonya. Thupi latsika pang'ono, mutu unaleka kuwavuta. Amene anawafunsa ngati akudwala alipo ndithu, koma iwo anapeza yankho lawo: "Ndinali kudwala nthawi imene munkandiyamikira ija."

Monga wophunzira zauphunzitsi, ndimaganizira ana amene ndidzawapeze m'kalasi zaka zikubwerazi. Pa nthawi yopuma amathamangira kumpanda kukagula mafirizi ofiira ndi maswiti, ndipo lilime lawo likuphunzira phunziro limene lidzakhala nalo mpaka ukalamba. Mwana wozolowera madzi sadzafunikira ndodo ija, chifukwa sanathyoke mwendo. Kumuuza kuti shuga ndi tchimo sikudzathandiza, ndipo si zoona. Chimene chimagwira mtima ndi kumuonetsa. Mphunzitsi akaika botolo lopanda kanthu patebulo, n'kuthiramo masupuni 8 a shuga ana akuwerenga mokweza, phunzirolo silifuna bolodi. Akatembenuza botolo la Zero n'kuwaphunzitsa kuwerenga tizilembo ta kumbuyo, wawapatsa luso limene adzaligwiritse ntchito pa chilichonse chimene amalonda adzawabweretsere m'tsogolo.

Ndiye wina akandifunsa lero ngati zakumwa zopanda shuga zimachepetsa thupi, ndimayamba ndamufunsa kuti zikulowa m'malo mwa chiyani. Ngati zikulowa m'malo mwa mabotolo atatu a shuga, zathandiza, bola zisatsegulire njira mandasi owonjezera. Ngati zikulowa m'malo mwa madzi, munthuyo wagula asidi ndi caffeine ndi ndalama zimene akanasunga. Ngati zikulowa m'malo mwa chakudya, akudzivulaza. Mawu oti kudziletsa amene timawaphunzira ku Pathfinder satanthauza kupeza njira yochenjera yopitirizira chilakolako chomwecho popanda kulipira. Amatanthauza kuphunzitsa thupi kukhutira ndi zochepa, mpaka madzi ayambenso kukoma. Sabata likubwerali, pa chakudya cha masana, wina ayese kuika jagi ya madzi ozizira ndi mbale ya zipatso pakati pa tebulo, kireti ikhale kumbuyo. Adzadandaula alipo, koma mudzaonanso agogo ndi odwala shuga amene akhala akukana botolo mwamanyazi kwa zaka zambiri akutambasula dzanja momasuka.